Munthu mmodzi m'kabokosi

Amene munagwirapo ntchito ya kafukufuku mukuwadziwa mawu amene timayamba nawo akangotiyalira mphasa: "Zonse zimene mutiuze pano ndi zachinsinsi, dzina lanu silidzatuluka paliponse." Timawaloweza pa maphunziro, ndipo pofika tsiku lachitatu m'mudzi amangotuluka okha mkamwa. Ine ndinawanena kambirimbiri ndisanazindikire kuti lonjezo limeneli silisungidwira pakhonde pamene lanenedwa. Amene amalisunga kapena kuliphwanya ndi munthu wina, patapita miyezi, atakhala pa kompyuta mu ofesi akukonza matebulo a lipoti. Ndipo chaka china munthu wa pa kompyutayo ndinali ine.

Bungwe limene ndinkagwirako ntchito, dzina tilisiye, linachita kafukufuku wa za umoyo wa aphunzitsi a pulayimale m'mazoni angapo. Limodzi mwa mafunso linali lakuti kodi mukumwa ma ARV. Anthu anayankha momasuka, ndipo mayina sitinalembe n'komwe. Ndinakonza tebulo limene ndinkanyadira nalo: sukulu iliyonse mzere wake, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo, nambala zonse zowonkhetsana bwinobwino. Tsiku lokapereka zotsatira ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanirako, tinagawa mapepala, ndipo pa nthawi yopuma, anthu ali pa mzere wa tiyi, mphunzitsi wamkulu wina wachikulire anandikodola n'kupita nane kuseri kwa holo.

"Achimwene, pasukulu mwalemba apayi, aphunzitsi aakazi alipo angati?"

"Awiri, bambo."

"Ndiye mwalemba kuti mmodzi akumwa mankhwala. Nanga mnzakeyo akawerenga, aziti ndi ndani?"

Thukuta linandiyenda kumsana. Tinatolera mapepala aja ponamizira kuti muli zolakwika pa kataipidwe. Atatu sanabwerere.

Madzulo ake ndinachita zimene aliyense amayamba kuganiza: ndinafufuta 1 uja n'kuikapo kamzere. Ndinakagona mtima uli m'malo. M'mawa mnzanga wa mu ofesi anangoyang'ana kamodzi n'kuseka. Pamzere wa sukulu ija panali palembedwabe kuti onse akumwa mankhwala ndi 3, amuna ndi 2. Mwana wa Sitandade 2 akanatha kudzaza kabokosi kanga kachinsinsi kaja. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Kuti ubise kabokosi kamodzi uyenera kubisanso kena pamzere womwewo, ndi kena pamzere wotsika, kenako anzake a timabokosi tabisidwato, mpaka tebulo limasanduka ngati chimanga chofumbwa. Ndipo kusankha timabokosi toti tibise kuti ziwerengero zisawonongeke zambiri si masamu a pamtima ayi, ndi ntchito imene makompyuta amatuluka nayo thukuta tebulo likakula.

Apa ndi pamene ndinayamba kuwerenga za njira ina, imene mu ofesi timangoti rounding. Ine ndimati kusendeza nambala. Tonse timazichita kugolosale pakasowa chenji. M'malo mobisa nambala, umaisendezera ku nambala ina yapafupi, tinene ku 0, 5, 10, 15, moti palibe kabokosi kamene kaonetse 1 kapena 2. Njira ya kusukulu imati 1 ndi 2 zitsikire ku 0, 3 ndi 4 zikwere ku 5. Zimaoneka ngati nkhani yatha. Koma taonani izi. Tebulo likuti amuna 0, akazi 0, onse pamodzi 5. Wowerenga wochenjera akudziwa kuti 0 akutanthauza 0, 1 kapena 2, ndipo 5 akutanthauza kuyambira 3 mpaka 7. Timabokosi tiwiri tija pamodzi sitingapitirire 4, ndipo sitingachepere 3. Ndiye kuti ndi 1 ndi 2, kapena 2 ndi 1, kapena 2 ndi 2. Palibe kabokosi kopanda munthu. Pasukulu ya aphunzitsi aakazi awiri ija, tabwerera pomwe tinayambira. Vuto la lamulo lodziwika ndi lakuti aliyense angathe kuliyenda chobwerera.

Chimene maofesi akuluakulu a ziwerengero anapeza ndi kulowetsamo maere. Ku Canada akhala akuchita zimenezi pa matebulo a kalembera kuyambira zaka za m'ma 1970, ndipo amasendezera ku 5. Ku New Zealand amasendezera ku 3. Njira ya ku 3 ndiyosavuta kuiona ndi maso. Ikani mikanda itatu m'thumba, iwiri yoyera, umodzi wakuda. Kabokosi kakakhala ndi 1, pisani osayang'ana: mukatulutsa woyera lembani 0, mukatulutsa wakuda lembani 3. Kabokosi kakakhala ndi 2 zimatembenuka: woyera ndi 3, wakuda ndi 0. Nambala imene ili kale 3, 6 kapena 9 siisuntha. 7 amachita ngati 1, nthawi zambiri amatsikira ku 6 koma mwa apo ndi apo amalumphira ku 9.

Kukoma kwake kuli apa. Tengani timabokosi 300, kalikonse ka munthu mmodzi. Pafupifupi 200 tikhala 0, pafupifupi 100 tikhala 3. Mukawonkhetsa mupezanso pafupifupi 300. Kabokosi kalikonse kanama, koma onse pamodzi anena zoona. Njira ya kusukulu ija sitero: timabokosi 300 ta munthu mmodzimmodzi tonse timatsikira ku 0, anthu 300 n'kusowa ngati sanabadwe. Ndipo wowerenga akaona 3 sangadziwe ngati analipo 1, 2, 3, 4 kapena 5. Mphunzitsi uja akafunsidwa atha kungoti, "Si ine, ndi maere a kompyuta." Mpata wokana umenewo ndiye katundu weniweni amene njira zonsezi zimagulitsa.

Koma walira mvula walira matope. Matope oyamba ndi akuti munthu akapempha tebulo lomwelo kakhumi, makompyuta n'kumaponya maere atsopano nthawi iliyonse, amangofunika kutenga avereji ya mayankhowo. Akaona 0 kasanu n'kawiri ndi 3 katatu, wadziwa kuti m'kabokosimo muli mmodzi. Kale, matebulo akamasindikizidwa kamodzi m'buku, sizinali zodetsa nkhawa kwambiri. Lero anthu amadzipangira okha matebulo pa intaneti, usiku wonse ngati afuna.

Yankho lake linandisangalatsa kuposa china chilichonse pa nkhani imeneyi. Linachokera ku Australian Bureau of Statistics, ofesi ya ziwerengero ya ku Australia, m'zaka za m'ma 2000, ndipo ndi limene limayendetsa chida chawo chotchedwa TableBuilder. Munthu aliyense mu data amapatsidwa kanambala kake ka maere, tinene pakati pa 0 ndi 1, kamodzi kokha basi, ndipo kamasungidwa mwachinsinsi. Pokonza tebulo, kompyuta imawonkhetsa tinambala ta anthu onse amene agwera m'kabokosi kamodzi, n'kutaya nambala yathunthu, n'kusunga za kuseri kwa dontho. Aphunzitsi awiri, wina 0.62 wina 0.91: pamodzi 1.53, timasunga 0.53. Lamulo likuti kabokosi ka anthu awiri kakwere ku 3 ngati nambalayo ili pansi pa 0.67, apo ayi katsikire ku 0. Ndiye apa tilemba 3. Mawa wina akafunsa funso lomwelo mwa njira ina, bola anthu ake ndi awiri omwewo, apezanso 0.53, apezanso 3. Maere aponyedwa kamodzi ndipo amayenda ndi anthu ake kulikonse. New Zealand inatengera nzeru yokhazikitsa maereyi pa kalembera wawo wa 2018, ndipo ofesi ya ziwerengero ya ku England ndi Wales inagwiritsa ntchito njira ya mtundu womwewu pa kalembera wa 2021.

Matope achiwiri ndi amene amandipweteketsa mutu mpaka lero: nambala sizimawonkhetsana. Amuna 6, akazi 3, onse pamodzi 12. Kabokosi kalikonse kaponyeredwa maere akeake, kuphatikizapo ka chiwerengero chonse. Kwa katswiri si nkhani. Kwa akauntanti, kapena bwana amene anazolowera kuti mizere ya bajeti imakumana, tebulo lotere ndi umboni wakuti wina waba kapena wagona pa ntchito. Ku England ndi Wales, pa kalembera wa 2001, anaganiza zosintha nambala zazing'ono zokha, 1 ndi 2 kuti zizikhala 0 kapena 3. Ofufuza ndi makhonsolo anadandaula kwambiri, chifukwa dera lomwelo linkaonetsa chiwerengero china pa tebulo ili, china pa tebulo ilo. Pofika kalembera wa 2011 njirayo anaisiya, n'kudalira kusinthanitsa mabanja ena pakati pa madera matebulo asanapangidwe. Dziko lomweli, zaka za m'mbuyo, linkawonjezera kapena kuchotsera 1 pa timabokosi mwa maere, njira imene inatchedwa ndi dzina la katswiri wa ziwerengero George Barnard.

Funso lakuti kodi n'zotheka kusendeza nambala zonse koma tebulo n'kumawonkhetsanabe linavutitsa anthu a mitu yabwino. Ivan Fellegi, amene anabadwira ku Hungary n'kudzakhala mkulu wa Statistics Canada kuyambira 1985 mpaka 2008, analilemba kale m'zaka za m'ma 1970. Mu 1982 Lawrence Cox ndi Lawrence Ernst a ku America anaonetsa kuti pa tebulo la mizere yopingasa ndi yotsika, yankho limapezeka nthawi zonse. Anazindikira kuti vutoli ndi lofanana ndi lija la kayendetsedwe ka katundu. Yerekezani kuti muli ndi madepoti a chimanga ndi misika. Depoti iliyonse ili ndi matumba akutiakuti oti atuluke, msika uliwonse ukufuna akutiakuti, ndipo funso ndi lakuti thumba liti lipite kuti. Pa tebulo, mzere wopingasa uliwonse ndi depoti imene ili ndi chiwerengero cha timabokosi toyenera kukwera, mzere wotsika uliwonse ndi msika umene ukufuna chiwerengero chake, ndipo kompyuta imagawa kukwera ndi kutsika moti mbali zonse zikwanire ndendende. Amatcha controlled rounding. Mu 1987 Cox anaonetsanso momwe maere angalowere m'njirayi kuti isakondere mbali imodzi.

Ukawonjezera mbali yachitatu, tinene sukulu, amuna kapena akazi, ndiponso zaka, chitsimikizo chija chimagwa. Matebulo ena otere alibe yankho lokwaniritsa malamulo onse, ndipo uyenera kulola kuti nambala ina imene inali bwinobwino isunthe. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Tau-Argus, imene inayambira ku ofesi ya ziwerengero ya ku Netherlands, imene imachita masamu amenewa. Ndinalimbana nayo masabata awiri pa laputopu yakale imene inkatentha ngati mbaula. Imagwira ntchito, koma tebulo limodzilimodzi. Kabokosi komweko kakapezeka pa matebulo awiri, katha kusendezedwa mosiyana, ndipo wochenjera uja wapezanso pogwira. Ndiye usankhe: matebulo owonkhetsana kapena matebulo ogwirizana. Kupeza zonse ziwiri mokwanira n'kovuta.

Wina atha kufunsa kuti ndani ali ndi nthawi yokhala pansi kumasula matebulo a anthu. Ine ndinkaganizanso choncho mpaka nditawerenga zimene zinachitika ku America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Japan itaphulitsa Pearl Harbor mu December 1941, boma linasonkhanitsa anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wachijapanizi, ambiri a iwo nzika zobadwira komweko, n'kuwatsekera m'misasa. Ofesi ya kalembera inathandiza popereka ziwerengero za kalembera wa 1940 zosonyeza kuti m'kadera kakang'ono kakutikakuti muli Ajapanizi angati. Ofufuza William Seltzer ndi Margo Anderson ndi amene anafukula mbiri imeneyi patapita zaka zambiri. Msilikali amene wauzidwa kuti pa mdadada uwu pali anthu asanu ndi awiri safunikanso mayina. Amangogogoda mpaka akwane.

Masiku ano wogogoda ndi kompyuta. Mu 2003 Irit Dinur ndi Kobbi Nissim anatsimikiza mwa masamu kuti ukapereka mayankho ambiri olondola kwambiri ochokera mu data imodzi, munthu atha kuimanganso data yonseyo. Zili ngati ndagi. Nyumba ili ndi anthu atatu, wamkulu ali ndi zaka 60, wamng'ono 5, avereji ndi 30. Wapakati ali ndi zaka 25, ngakhale palibe amene watchula. US Census Bureau, ofesi ya kalembera ya ku America, inadziyesa yokha: inatenga matebulo amene inasindikiza a kalembera wa 2010, wa anthu oposa 308 miliyoni, n'kumanganso mndandanda wa munthu mmodzimmodzi, kenako n'kuufananitsa ndi mayina ogulidwa kwa makampani a malonda. Inapeza kuti anthu pafupifupi 52 miliyoni, 17 pa 100 alionse, anazindikirika molondola. Ndiye pa kalembera wa 2020 inasintha n'kuyamba differential privacy, nzeru imene Cynthia Dwork ndi anzake anailemba mu 2006. Apa sasendezanso ku 3 kapena ku 5. Amathira phokoso la maere loyezedwa bwino pa ziwerengero, ndiye kuti kuziwonjezera kapena kuzichotsera pang'ono mwa maere, ndipo pali nambala imodzi imene imanena poyera kuchuluka kwa chinsinsi chimene alola kuti chitayike posinthana ndi kulondola.

Kunabuka mkangano waukulu, mpaka boma la Alabama linapita kukhoti mu 2021. Koma nkhani imene ndimaikonda ndi ya Monowi, kamudzi ka ku Nebraska kodziwika kuti kamakhala munthu mmodzi yekha, mayi wachikulire amene ndi meya wa mudziwo komanso mwini wa bala yake. Kalembera wa 2020 atatuluka anati ku Monowi kuli anthu awiri. Mayiwo anadabwa kuti mnzawoyo akukhala nyumba iti. Linali phokoso lija. Dziko lonse likudziwa kuti ali okha, choncho palibe chimene chinabisika, koma makina sangasankhe kuti uyu timuteteze, uyu ayi.

Pamenepa ndi pamene mtima wanga umagawanika. Kusendeza ku 3 sikusintha kanthu pa mzinda wa anthu 900,000. Amene amasunthidwa ndi ochepa okha, ndipo ochepawo ndi amenenso amafunika kwambiri kuoneka. Kalembera wa 2018 kuno ku Malawi, amene National Statistical Office ya ku Zomba inachita ndi matabuleti, anapeza anthu 17,563,749, ndipo mwa iwo 134,636 anali achialubino. Nambala imeneyi ndi yamtengo wapatali: ndi imene munthu angaime nayo pamaso pa boma pofunsa mafuta oteteza khungu, magalasi, nyumba zolimba ndi chitetezo. Ndipo amene akugawa zinthuzi angakonde kudziwa mudzi ndi mudzi. Koma tonse tikukumbukira zimene zakhala zikuchitikira abale athuwa kuyambira cha mu 2014, kubedwa, kuphedwa, manda kufukulidwa. Tebulo lonena kuti m'mudzi wakuti muli mwana mmodzi wachialubino wa zaka zosakwana 5 likhoza kukhala mapu a chigawenga. Mukalemba 1 mwamuika pambalambanda. Mukalemba 0 mwamufufuta, ndipo galimoto ya mafuta idutsa mudziwo osaima. Palibe masamu amene amathetsa zimenezi. Chimene masamu amachita ndi kutikakamiza kusankha maso ali otsegula, kuti tebulo la aliyense liime pa boma kapena pa T/A, ndipo za mudzi ndi mudzi zikhale m'manja mwa ochepa amene analumbira ndipo angayankhe mlandu zikatuluka.

Kafukufuku wa za umoyo wa DHS, amene Malawi wachita kangapo, amachita zofananako ndi malo. Nambala za GPS za dera limene afunsamo anthu amazisuntha dala asanazipereke kwa ofufuza: mpaka makilomita 2 m'tawuni, mpaka makilomita 5 kumudzi, ndipo madera ochepa akumudzi mpaka makilomita 10. Ofufuza amene akufuna kudziwa mtunda wokafika kuchipatala amadandaula, ndipo kudandaula kwawo n'komveka. Koma palibe amene amati DHS ndi yabodza.

Dandaulo langa lili ndi ife a m'mabungwe ang'onoang'ono. Maofesi a boma a ziwerengero ali ndi malamulo ndi akatswiri. Ife tili ndi Excel ndi tsiku lomaliza lopereka lipoti. Opereka thandizo amafuna ziwerengero zogawidwa mwa amuna ndi akazi, zaka, ulumali, ndi mudzi, ndipo cholinga chawo n'chabwino, akufuna pasakhale wotsalira. Koma gawani anthu 400 m'midzi 20, magulu a zaka 5, amuna ndi akazi: timabokosi 200, anthu awiri pa kabokosi. Lipoti lotere likaikidwa pa intaneti, ndi mndandanda wa mayina umene wangosowa mayinawo. M'midzi mwathu anthu amadziwana mpaka mbuzi. Mayi wamasiye wa zaka za m'ma 40 wa pafupi ndi mjigo safunika dzina.

Chimene ndimachita tsopano si chapamwamba. Sindipereka tebulo la nkhani zovuta lotsika kuposa pa zoni. Munthu aliyense mu data ndimam'patsa kanambala kake ka maere tsiku loyamba, n'kukamata kuti kasasinthenso, chifukwa Excel imaponyanso maere nthawi iliyonse ukakhudza chinthu, ndipo ndinaphunzira zimenezi movutika. Ndimasendezera ku 3. Maperesenti ndimawawerengera pa nambala zosendezedwa kale, chifukwa ukalemba kuti 14.3 peresenti ya anthu 7, waulula 1 uja pakhomo la kumbuyo. Ndipo pansi pa tebulo lililonse ndimalemba kuti nambala zasunthidwa dala pofuna kuteteza oyankha, choncho mwina siziwonkhetsana.

Mawu a pansi pa tebulo amenewa sawerengedwa. Mwezi watha foni inalira cha m'ma 7 madzulo, ndili pa mzere wa minibasi. Anali bwana wina amene tinam'tumizira lipoti.

"Tebulo lachinayi lalakwika. 6 ndi 3 si 12."

Ndinafotokoza za mikanda itatu ija, kondakitala akukuwa kumbuyo kwanga. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo anati nzeru yake ndi yabwino ndithu.

"Chabwino, ndamva. Koma yeniyeniyo ndi ingati? Mungondiuza ine ndekha, sizipita patali."

"Pepani bwana, imeneyo ndiye sindingathe."

Anakhala chete kanthawi. Kenako anafunsa ngati ndingam'tumizireko fayilo yonse ya mayankho kuti awonkhetse yekha.